Chingwe Chimene Chinayeza Masitepe a Phiri Lino

Olemekezeka Wapampando wa komiti yosamalira phiri lino, olemekezeka akuluakulu oona zokopa alendo, oyang'anira nkhalango, amisiri amene mapewa anu akadali kuphwanya, operekeza alendo amene mwatchena malaya atsopano, amayi ndi abambo, ndi inu Amayi anga ondibala, amene mwakhala kutsogoloku: ndikukupatsani moni nonse.

Ndikuona ena mukadali wefuwefu. Musachite manyazi, nanenso ndinaima kawiri panjira, kunamizira kuona mbalame.

Tabwera kudzatsegulira khonde lino, pamene mlendo adzaime n'kuona mtsinje ukukhota katatu usanagwe pamathithi, komanso kanyumba kakale ka mlonda wa moto wa m'nkhalango, kamene mwakakonza osasuntha ngakhale mwala umodzi. Nonse amene munasenza simenti pamutu kukwera nayo kuno, ndikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima.

Koma ndiloleni ndiulule mlandu wanga. Masitepe amiyala amene mwakwerawa, ine ndinasaina kuti aphwanyidwe. Chaka chatha komiti inandipempha, monga injiniya, kuti ndidzawayeze. Ndinabwera ndi tepi yanga, ndipo ndinapeza kuti ndi aafupi kwambiri, pena ndi pena pali mwala wotambalala wopanda ntchito, ndipo amathera panjira osafika pamwamba. Ndinalemba kuti wosemayo sankadziwa muyezo. Ndinalemba ndikudziwa bwino kuti wosemayo anali malemu bambo anga, mlonda wa m'kanyumbaka. Sukulu inali itandikwera m'mutu.

Nditakawauza Amayi, amene akhala akutsimphina kuyambira ali mwana, anasiya kusoka n'kundiyang'ana.

"Iwe, tepi yakoyo inakwerapo phiri ndi mwendo umodzi?"

Iwo anapitiriza: "Bambo ako ankati akatsika, nkhani inali mtsinje basi. Ndinawauza kuti nkhani zanuzo zanditopetsa, ndikufuna ndikadzionere ndekha. Ndiye anatenga kachingwe, n'kuyeza pamene phazi langali limafika ndikalikweza. Miyala yotambalalayo ndi pamene mpweya unkandithera."

Bambo anasema zaka zisanu ndi ziwiri, pa masiku awo opuma. Anamwalira atatsala masitepe makumi anayi, ndipo Amayi sanauonepo mtsinjewo kuchokera pamwamba pano. Manyazi amene anandigwira tsiku limene Amayi anandiuza zimenezi sindinawamvepo chibadwire.

Kachingweko Amayi anakasunga m'kachitini ka singano. Ndinang'amba lipoti langa, ndinakapepesa ku komiti, ndipo amisiri athuwa, atadandaula pang'ono kuti ntchito iwachulukira, anamaliza masitepe otsalawo poyeza ndi kachingwe komweko. Choncho inu operekeza alendo, mlendo akadzafunsa chifukwa chake agogo ndi ana amakwera phiri lino osalira, mudzamuuze nkhaniyi, ndipo za injiniya uja musamubisire.

Lero m'mawa Amayi akwera okha, akukana dzanja langa. Mwina mwadabwa kuti mpando wawo wafulatira chigwa. Anandiuza kuti sasuzumira mwakuba ngati mwana. Adikira zaka makumi atatu, ndiye adikirabe mpaka malo atsegulidwe mwadongosolo.

Sindiwachedwetsanso. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti khonde lino, kanyumba aka ndi masitepe onse mpaka lomaliza, zatsegulidwa kwa aliyense.

Amayi, tembenukani tsopano. Mtsinje ankanena Bambo uja ndi uwo.

Zikomo kwambiri.