Mlamba wovala jekete anandipezera mwana wanga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine Nachisale, wa konkuno kwa Maganga. Kusukulu sindinapondeko. Dzina langa likalembedwa papepala ndimangoona ngati padutsa nkhuku. Koma pakamwa pokha Mulungu anandipatsa, ndiye mundipirire.

Mwana ndinabereka mmodzi yekha, Lameki. Tinkakhala ku Chinguluwe, kwawo kwa bambo ake, tikulima mpunga. Inu olima mpunga nkhondo ya mbalame mukuidziwa. Ukayamba kucha, munthu umaswera pansanja, kukuwa, kumenya zitini, mpaka mawu kusasa. Mwana wake uti angapirire zimenezo? Lameki ankathawa. Ndiye ndinapeza nzeru. Ndinkamupekera nkhani pansanja pomwepo, masanasana, ikafika pokoma n'kuidula. "Zotsala mawa, ukabwera." Mawa lake woyamba kudzuka ndi iyeyo.

Sizinali nthano za makolo ayi. Zinkangotuluka m'mutu mwangamu. Ina inali ya mlamba amene anakonda mtsikana wa kumtunda. Anabwereka jekete, n'kunyamula ketulo ya madzi yoti azidzithira mobisa kuti asaume, ulendo kokafunsira. Apongozi anamukayikira. Anati, "Mkamwini, khalani apa padzuwa, mundilondere mpunga ndayanikawu." Mlamba wakhala. Dzuwa likuwomba. Apendeketse ketulo, madzi atha! Pamenepo ndinaidula. Mawa lake tinayamba kukolola, nkhani inaima pomwepo. Lameki anandikumbutsa mpaka kumera ndevu, ine n'kumangoti, "Chaka chamawa."

Inali nthawi ya chipani chimodzi, yoti ukafuna kulankhula uyambe wacheuka. Lameki anatengera pakamwa panga. Tsiku lina pamsika ku Chipoka anawayankha chipongwe anyamata ogulitsa makadi a chipani. Mnzake anadzamunong'oneza kuti akumufuna. Anachoka ndi malaya omwe anali m'thupi. Wina akuti anamuona m'bwato lowoloka nyanja. Wina akuti bwatolo linamira. Kenako zii.

Abale anga, zii wa zaka!

Bambo ake anadwala, anatisiya. Popeza ndinali pachitengwa, akuchimuna anandiuza kuti ndibwerere kwathu. Ndinabwerera ndi mphasa yokha. Kuti ndidye, ndinapeza ntchito yochapa zofunda pa loji ina ku Senga Bay.

Matipate atabwera, othawa anayamba kubwerera. Uyu wachokera ku Zambia, uyu ku Tanzania, nthungululu m'midzi. Ine ndikaweruka, ulendo ku depoti ya ku Salima. Basi ikaima, ine maso pakhomo. Atsika, atsika, atsika, womaliza kondakitala. Ana a anzanga abwera. Wanga ayi.

Mlongo wanga anadzandikhazika pansi. Anati, "Achemwali, mukudzizunziranji? Tiyeni tikwirire thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, timete, mtima ukhale pansi." Ndinati, "Nthochi sindinabereke ine." Anayamba kunena kuti mutu wanga wasokonekera. Ana akandiona pamsewu ankati, "Agogo a ku depoti awo!" Pakamwa panga panatsekeka. Ine amene ndinkaseketsa anthu ndi pamaliro pomwe, ndinkatha tsiku ndi moni yekha. Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mawu awa: "Ambuye, kaya manda okha mundionetse."

Koma tamverani njira za Mulungu. Sanatume mngelo. Sanatume mneneri. Anatuma mayi wachisilamu ndi kompyuta!

Pa loji paja panali mayi wolandira alendo, dzina lake Asiyatu. Abwana atagula kompyuta ya intaneti kuti alendo azilembera kwawo, woiyang'anira anali iyeyu. M'menemo, ankatiuza, muli bwalo limene Amalawi okhala kunja amakumanapo. Saonana, amangolemberana. Wina za buku limene wawerenga, wina za magemu, ambiri kukangana za ndale. Nthawi ya chakudya Asiyatu ankabwera kuseri kumene tinkadyera n'kumatifotokozera zimene akanganazo.

Tsiku limenelo anabwera akuseka mpaka kugwira khoma. Anati, "Walahi, anthu akunjawa chisanu chinawalowa m'mutu! Kuli bambo wina akuwapangira ana ake gemu ya pakompyuta. Akuti ya mlamba wovala jekete."

Ine dzanja lili m'mbale, linauma pomwepo.

"Akuti umamuyendetsa mlambayo, atanyamula ketulo, uzimupezera madzi asanaume. Koma wakanirira. Akuti nkhaniyo ankamuuza ndi malemu mayi ake, ndiye sanaimalize. Akufunsa ngati alipo wodziwa mathero."

Ndinati, "Asiyatu, malemu ndani?"

"Mayi ake, agogo."

"Ketulo inathera pati?"

Anandiyang'ana. Ndinati, "Inathera padzuwa, akulondera mpunga wa apongozi." Supuni inamugwa. Anati, "Agogo, mwazimva kuti? Pamenepo sindinafikepo!"

Ndinamukoka dzanja mpaka ku ofesi, ine ndi chitenje chonyowa, alendo akundiyang'ana. Ndinati, "Dzina lake ndani?" Anati, "Pabwaloli ambiri salemba maina enieni, mantha akale sanathe. Uyu amadzitcha Wakumadzi. Ndipo agogo, musadalire kwambiri. Nthano zimayenda. Mwina anangoimva kwa wina." Ndinati, "Iyi inalibe miyendo. Tinali awiri pansanja, achitatu anali mbalame. Lemba."

"Ndilembe chiyani?"

"Mathero."

Abale, mathero ndinali nawo ine? Ndinalibe! Zaka zonse zija ndinkati chaka chamawa chifukwa nanenso mlamba uja sindinkadziwa pomutulutsira. Ndinatsinzina. Ndinati Ambuye, munatseka pakamwapa ndinu, tsegulani. Ndipo anatsegula!

Ndinati, "Lemba kuti mlamba atayamba kusweka khungu, apongozi anatuluka ndi beseni la madzi otsukira mbale. Anati, 'Mkamwini wanji wongoti mphwa ngati nsomba!' Khuthu, kumuthira pomunyoza. Madzi onyozawo ndi amene anamupulumutsa. Anadzuka, anakonza jekete, anati, 'Zikomo amayi, muzitero tsiku lililonse.' Mpaka lero ali pabanja, akunyozedwa, akunenepa."

Asiyatu akulemba, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati, "Onjezera ichi. Iwe Lameki, malemu ndi ndani? Ndipo tsiku limene mbalame zinamaliza ndime ya kumunsi, unanama kuti unapita kukamwa madzi. Unali m'tulo. Ndinakuona."

Anatumiza, n'kuikapo nambala ya foni ya pa loji. Ndinati, "Wayankha?" Anati, "Agogo, si foni iyi, mpaka atsegule kwawoko." Mawa lake magetsi kulibe. Magetsi abwera, lamya ya intaneti yafa. Masiku amenewo ndinachapa zofunda zochapa kale. Mdyerekezi n'kumandinong'oneza kuti wadzichititsa manyazi, nkhalamba iwe, wakalipira mwana wa eni.

Ndili pachingwe ndikuyanika, ndinamva Asiyatu akukuwa. "Agogo! Agogo! Foni yakunja!" Sindikudziwa kuti miyendo iyi inathamanga bwanji. Ndaika kukhutu, ndikungomva munthu akupuma. Kenako mawu a bambo wamkulu, okhuthala, osawadziwa. Anati, "Amayi, sindinagone. Ndinangotseka maso."

Aleluya! Aleluya, abale! Ndinagwa pansi ndi foni yomwe. Wabodza wanga yemwe uja! Wamoyo!

Bwato silinamire. Anawoloka, anavutika m'maiko a eni, mpaka anthu a mpingo wina anamuthandiza kupita kutsidya kwa nyanja zazikulu, kumene anaphunzira za makompyuta. Munthu wina wochokera ku Chinguluwe anakamuuza kuti bambo ako anamwalira, nyumba inagwa, mayi akonso kulibe. Iye anandilira, anameta. Anati ndibwerere kwa yani? Ine kuno ndikumudikira ku depoti, iye uko akundiika m'gulu la malemu. Satana anatiika m'manda tonse awiri tili moyo, koma Yesu anafukula!

Lero moyo wanga ndi wina. Kuchapa ndinasiya, mwana anakana. Koma ku loji ndimapitabe Loweruka, chifukwa anthu a pabwalo paja sanandisiye. Atawerenga mathero aja anati agogowa tikuwafuna. Ndimakhala pampando wa alendo, ine kulankhula, Asiyatu kulemba. Ndikuwapekera ina, ya mbuzi imene inaima nawo pachisankho. Ikafika pokoma ndimaidula, madokotala ndi maloya kumadandaula ngati ana. Za dziko amandifunsanso. Wina analemba kuti kumudzi zinthu zili bwino tsopano. Ndinati muuze abwere adzagule yekha thumba la feteleza, akalembenso. Anakangana sabata yonse! Kale mawu ochepa anandithawitsira mwana. Lero nkhalamba ndikudzudzula boma pakompyuta, n'kubwerera kwathu kukagona mwamtendere.

Gemu ija Lameki anaimaliza. Asiyatu anandiphunzitsa kudina. Mlamba wanga ndimamuumitsa ndisanafike n'komwe kwa apongozi, zala zanga ndi za khasu. Adzukulu anga amaseka pafoni, akuti agogo mwamuphanso!

Ndikuthokoza Mulungu amene anandikaniza kukwirira nthochi. Ndikuthokoza Asiyatu, mpingo wake ndi wina koma ndi mwana wanga. Ndikuthokoza amayi amene munkandigawira ufa pamene ena ankanditcha wamisala. Mlongo wanga ndinamukhululukira, ankafuna kundithandiza.

Mwina wina kumbuyoko akuti gogoyu ndi wopeka nkhani, iyinso wapeka. Chabwino. Lameki, imirira. Usachite manyazi, imirira anthu akuone. Wafika dzana ameneyu, ndinakamulandira ndekha. Taonani imvi. Taonani mimba! Ameneyo ndingamupeke ine?

Amayi, yambitsani nyimbo. Ine ndivina.