Lupanga Lodikira Linzake

M'mawa, pa siteji ya basi pafupi ndi paki ku Wuhan, Mayi Qiu anaima atakumbatira lupanga lokulunga m'nsalu. Bambo wina waimvi, amene iwo sankamudziwa, anayang'anitsitsa mphonje zake zofiira.

"Achemwali, nkhondo mwaimaliza kale? Anzanu olimbitsa thupi ndi malupanga akadali m'pakimo."

"Amenewo amasewera aliyense payekha. Ine ndinaphunzira maseweredwe a anthu awiri, wina kubaya, wina kutchinga. Obaya anali amuna anga."

"Ali kuti?"

"Tinaika chaka chatha. Ndikati ndikweze lupanga, dzanja limadikira lawo. Ndimangoima ngati chitsa, anthu n'kumandilambalala."

"Bwanji osaphunzira mbali yawoyo?"

"Ndizibaya ndani? Mphepo?"

"Ine aphunzitsi anga anandipatsa mbali yobaya yokhayokha. Mnzanga wotchinga anatsatira ana ake ku Shenzhen. Lupanga langa linachita dzimbiri kuseri kwa kabati."

"Dzimbiri lili ku lupanga kokha? Mawondowo amapindikabe?"

"Limodzi lokha. Koma ambulera yangayi ndi yowongoka ngati lupanga. Basi yanu si iyo yafika?"

"Ipite. Gwirani bwino ambulerayo, achimwene. Malemu ankayambira paphewa lakumanzere."