Adada m'Bogi ya Katundu

Minibasi ya ku Chipata inali isanadzaze. Ndinathawila dzuwa m'kasitolo kojambulila zithunzi ka Misheck pa msika wa Lundazi, m'mene ndinapeza amayi Faides atagwila chithunzi chakale cha malemu atate awo, choti chikaikidwe pa chiliza Loweluka.

"Uchikulitse, mwanawe," anatelo amayiwo. "Adada ali m'sitima, fesiti kilasi, ulendo wa ku migodi. Alamu anga a ku Chikomeni amati adada sanapitilileko pa Chipata. Loweluka adzameza malovu."

Misheck anachiika pa kompyuta. Anasuzumila.

"Mazenela ali kuti, amama?"

"Sankakonda kuyang'ana panja. Anali munthu wa maganizo."

"Chitseko n'chachikulu, chokankhila kumbali. Iyi ndi bogi ya katundu."

"Ehee! Wabadwila ku Lundazi kopanda njanji, lelo ndiwe dalaivala wa sitima?"

"Ayi, ndine wojambula. Awa ndi matumba."

"Mapilo!"

"Nanga pilo wa nyanga uyu?"

Amayi Faides anavala magalasi. Anawavulanso msanga.

"Azungu ankafuna mkaka wokama pomwepo. Ichotse."

Misheck anadina. Mbuzi inazimilila.

"Mapilonso achoke."

"Adada atsamila pamenepo. Ndikachotsa agwa."

"Zaka zonsezi osagwa, adzagwele m'manja mwako? Chotsa!"

Anadina. Malemu anatsala opendekeka, chigongono m'malele.

"Tsopano aoneka ngati alawako," anatelo Misheck.

"Iwe! Mkulu wa mpingo ameneyo! Aongole!"

Anawaongola. Sitima yonse inapendekeka.

"Tsopano yalawako ndi sitima."

"Ndakuona, ndiwe wanzelu kwambili. Sukulu inakuthela bwino. Chotsa chitsekocho."

"Chitseko chagwila khoma."

"Chotsa khoma!"

"Denga likhala pa chiyani?"

"A-a! Lichotse! Chilichonse chonunkha katundu chichoke!"

Anadina, anadinanso. Kenako anatembenuza kompyuta. Munthu mmodzi. Jekete, chipewa. Kumbuyo mbee.

Amayi Faides anawelama pang'ono n'kugwila m'chiuno.

"Sitima ili kuti?"

"Munati za katundu zichoke. Yonse inali ya katundu."

"Ndiye alamu anga adzaona chiyani pa chiliza?"

"Adzaona adada ataima."

"Ataima kuti?"

Misheck anayang'anitsitsa, mwaulemu wonse.

"Kulikonse, amama. Ine ndikuona ngati pa siteshoni ya basi pano."

Kunja kondakitala anakuwa. Sindinasunthe. Amayi Faides anamasula chitenje, anachimanganso, anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi kompyuta.

"Bweza," anatelo motsitsa mawu.

"Denga lokha?"

"Zonse. Denga, khoma, chitseko, matumba."

"Mapilo?"

"Matumba, iwe, ulibe maso? Ndipo pansi pake ulembe zilembo zikuluzikulu, zoti ndi wa ku Chikomeni yemwe awelenge ali chapatali: ANZAO ANAPANIKIZANA PA MABENCHI, IWO ANAPATSIDWA BOGI YONSE OKHA."