Tambala wa Apongozi

Pa siteji ya maminibasi a ku Chigumula, mu Limbe, mayi wina anafungatira tambala ngati khanda. Bambo wa tayi amene anaima pambali pake analephera kuugwira mtima.

"Mayi, tambalayu ndi m'bale wanu?"

"Ameneyu ndi chipepeso, bambo. Andipatsa apongozi anga lero, ankhoswe akuona."

"Apongozi kupepesa? Anakulakwirani chiyani?"

"Mimba yanga inayamba kukula amuna anga ali ku Joni chaka chachiwiri. Apongozi anati ndili ndi pakati pa mwamuna wina. Anaitanitsa ankhoswe kuti banja lithe."

"Nanga mwanayo ali kuti?"

"Mwana wake uti? Kuchipatala atandiunika anapeza chotupa kuseri kwa matumbo, chomera pa mtsempha wopita kumwendo. N'chifukwa chake mwendowu unkachita dzanzi. Adokotala anati n'chosowa, anzawo ena amapuma ntchito asanachionepo. Anachichotsa chonse, atachiyeza anati si khansa."

"Apongoziwo anakhulupirira?"

"Iwo aja? Ndinapempha adokotala kuti achijambule pa foni yanga. Lero ndawaonetsa. Ndati, 'Amayi, mdzukulu wanu uja ndi uyu, mutcheni dzina.'"

"Ndiye amutcha ndani?"

"Anangodzuka n'kulowa m'khola la nkhuku."