Funso la Mwana Wanga Atakhoza Mayeso

Omvera anzanga, ine ndine namwino kuno kunja, mumzinda wa Salford. Mwana wanga wamkazi atatsala pang'ono kulemba mayeso olowera sukulu ya ana anzeru, ndinamupezera mphunzitsi wapadera. Loweruka lililonse ankamuonetsa mmene mafunso amabwerera, ndipo mwanayo anakhoza.

Mnzake wa kutchalitchi, yemwe makolo ake akudikirabe mapepala okhalira m'dziko muno, analibe womukonzekeretsa ndipo analephera. Chonsecho ndi iyeyo ankathandiza mwana wanga masamu.

Tili m'basi, mwana wanga anandifunsa m'Chingerezi kuti, "Amami, ndine wanzerudi kapena ndinangodziwiratu mafunso?"

Sindinabe mayeso ayi, koma mpaka lero ndimadzifunsa kuti kodi anayesa nzeru za mwana kapena thumba la kholo? Makolo anzanga, inu mukanamuyankha bwanji?