Benchi la Kumbuyo

Kale, magalimoto asanachuluke chonchi mu Kabwata muno, m'kalasi tinkakhala motsata mayeso: wokhoza kutsogolo, wolephera kumbuyo. Senderani kuno ana inu, asiyeni makolo anuwo azikangana za maluwa a pamanda. Ine ndinabadwa ndi maso achifunga, zolemba za pabolodi ndinkaziona ngati utsi, ndipo nditalephera anandikankhira kumbuyo, koma kumbuyoko ndiye sindinkaona n'komwe. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Amayi anga, agogo anu amene tawaika dzulowa, anasiya lichero lawo la mtedza pa siteshoni ya mabasi ya Intercity n'kupita kusukulu.

"Ba Ticha, mwana uyu saona bwino. Muikeni kutsogolo."

"Kutsogolo ni kwa anzelu, Amai. Akapasa azabwela yekha."

"Azapasa bwanji vinthu vamene saona?"

Aphunzitsi anaseka, kalasi yonse n'kuseka nawo, ndipo ine sukulu ndinalekera giredi faifi.

Mukuti masiku ano zinasintha? Taonani Tamara uyo, chitsiriza cha mng'ono wanga wa ku Woodlands, mmene amagunditsira buku pamphuno. Anazindikira ndi agogo ake. Chaka chilichonse ankakwera basi ndi ndodo yawo kukauza mphunzitsi watsopano kuti mwanayu akhale kutsogolo, zolemba pabolodi azizitchulanso pakamwa, ndipo mayeso ake akhale a zilembo zikuluzikulu. Koma bambo ake, munthu wa taye ndi galimoto, ankangoti, "Amai, musatichititse manyazi, mwana tinamupemphelela." Manyazi! Ine kale anandiseka ndi alendo, koma uyu akumubisa ndi omubereka, omwewo amene dzulo amalira mokweza kuposa tonse.

M'mawa muno Tamara wandikoka jekete. "Atate akulu, manje nindani azauza ba ticha atsopano?" Bambo ake anali pomwepo, maso pafoni, ndipo sanadzutse mutu.

Choncho ana anga, mnzanu akamatsinzinira pabolodi musamutche mbuli. Musunthireni malo, muwerengereni mokweza, ndipo akulu akakhala chete, inu kauzeni aphunzitsi. Sukulu ikutsegula Lolemba, ndipo kwa mphunzitsi wa Tamara ndipita ine ndemwe, wa giredi faifi. Mmodzi wa inu adzandigwire dzanja powoloka msewu.