Alamu Adzaona Malo

Kwa zaka makumi awiri, mkulu uyu wakhala akuuza anzake a ku ofesi kuti thanthwe lalitali la kwawo ankalikwera ali mwana kawiri pa tsiku, mpaka anamupatsa dzina loti Katswiri. Chilungamo chake, munthuyu sanalipondepo n'kamodzi komwe, ndipo tsopano pakamwa pamupachika: ofesi yonse yagwirizana zodzakwera thanthwelo Loweruka, iye ndiye wotsogolera njira.

Ndiye Lachitatu m'mawa anatsika basi kumudzi kwawo mwakachetechete, mimba patsogolo, kuti akayesere kaye payekha. Anafikira kwa mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, mmisiri wokhoma zitseko, mipando, ndi mabokosi aja amene munthu salowamo yekha. Mlamuyo ndi munthu wabwino, koma mawu amawamva monga afikira, sawatembenuza. Katswiri naye kunena zoona zonse kunali kumuchititsa manyazi, choncho anayamba mozungulira.

"Alamu, ndabwera kudzaona malo."

Mlamu anasiya kupala thabwa. "Omangapo nyumba?"

"Ayi, za nyumba zinatha. Ndikufuna pamwamba pa thanthwe paja. Ndipaone ndi maso angawa nthawi isanandithere."

"Nthawi ikukutherani?"

"Masiku atatu okha atsala."

"Atatu!" Pensulo inagwa kuchoka pakhutu. "Anakuuzani ndi adokotala?"

"Adokotala ananena kalekale kuti mtima uwu wakutidwa ndi mafuta, ndiziyenda. Ine osamva. Lero si izi?"

"Mlongo wanga akudziwa?"

"Asamve! Ndamubisira zaka makumi awiri."

"Mayo ine. Kupirira kotani kumeneku, alamu?"

Katswiri anadabwa kuti pali munthu woyamikira bodza, koma anangogwedeza mutu monyadira. Mlamu anatola pensulo, n'kuika tepi yoyezera m'thumba, ndipo onse awiri ananyamuka.

Njira inadutsa m'minda, inawoloka kamtsinje, kenaka inayamba kukwera. Apa m'pamene nsapato zatsopano za Katswiri zinayamba kumuluma zidendene, ndipo mpweya unayamba kutuluka ndi likhweru.

"Nsapato zokongola," anatero mlamu mwachisoni.

"Ndagulira tsikulo."

"Mudzavala zomwezi?"

"Nanga ndipite wopanda nsapato pamaso pa bwana wanga?"

"Bwana wanunso adzabwera?"

"Ofesi yonse. Minibasi achita kale hayala. Loweruka, naini koloko."

Mlamu anaima njii. "Mpaka ola mwalidziwiratu?"

"Ine zinthu zanga ndimakonzeratu. Sindifuna anthu adzavutike pa tsikulo."

"Amuna ndinu, alamu. Ena amangotidzidzimutsa."

"Ndipo ine ndidzakhala patsogolo."

"Eee, mwini wake amakhala patsogolo. Ife kumbuyo, tikuimba."

"Zoimbaimba ayi. Phiri ili anthu adzafuna mpweya."

"Ngakhale nyimbo imodzi?"

"Chabwino, imodzi. Koma yansangala."

Mlamu anayang'ana kumbali n'kupukuta maso ndi kolala ya malaya. Katswiri anaganiza kuti ndi fumbi la matabwa.

Anakwera pang'ono. Thukuta linali kamukamu, malaya atamatira pamsana, ndipo mawondo a Katswiri anayamba kukambirana okhaokha zobwerera. Koma munthu wamakani ndi wamakani basi.

"Alamu, mundikhomere kanthu kondithandiza pa tsikulo. Ka mtengo wolimba."

Iye ankanena ndodo yoyendera. Mlamu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Musadandaule. Ndili ndi matabwa amene ndinasungira munthu wolemekezeka. Chiswe sichiyerekeza."

"Matabwa achiyani? Kamtengo kamodzi kakwana."

"Kamodzi? Inuyo? Ndi thupi limeneli?"

"Thupi langa lalowa bwanji?"

"Ndiye lilowa bwanji? Funso lake ndi lomwelo."

"Ingoikani chogwirira chabwino, basi."

"Zogwirira zisanu ndi chimodzi."

"Chimodzi!"

"Alamu, pokwera pano ndi chogwirira chimodzi tidzakugwetsani."

"Adzandigwetsa ndani? Ine ndidzapita ndekha, palibe wondinyamula!"

"Onse amatero," anatero mlamu motsitsa mawu.

Katswiri anafuna kukalipa, koma mpweya wokalipira unalibe. Anati akadzithandize kuseri kwa chitsamba, pomwe chenicheni chinali kukabisala kuti apume osaonedwa. Anakhalako nthawi yaitali ndithu, atagwira mawondo, akudzitukwana chamumtima. Anthu ena amanama kuti anali akatswiri a mpira, bodza loti palibe angakuuze kuti kathamange tione. Iye anasankha bodza lokhala ndi phiri loti lilipobe mpaka lero. Atabwerako anapeza mlamu akubweza foni m'thumba, maso ali psuu.

Patsogolo pang'ono panali mwala waukulu wafulati, pamthunzi wa mkuyu. Katswiri sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anangodzigwetsa chagada, phuu, manja pamimba, maso tsinzini.

"Ndafa ine."

"Ayi, alamu, munati Loweruka!"

"Ndipume kaye."

Anamva kanthu kozizira kakumukhudza pamutu, kenaka kuphazi. Atatsegula diso limodzi anaona tepi.

"Mukuyezanso chiyani?"

"Poti mwagona kale bwinobwino. Tawongolani mwendo uwo."

"Ndodo amayeza munthu ali chigonere?"

"Musalankhule, mimba ikusuntha." Mlamu analemba nambala padzanja lake, n'kupukusa mutu. "Kutalika mulibe vuto. Koma m'lifupi muno mundithera matabwa."

"Alamu, mwayamba chipongwe."

"Pepani. Koma pali nkhani ina. Pamwamba paja ndi mwala wokhawokha. Sipakumbika."

"Akufuna kukumba ndani?"

"Ndiye tidzangokusiyani pamtunda?"

"Ndidzakhala pamwala, tsonga, anthu azindijambula."

"Tsonga! Azikujambulani!"

"Ndikumwetulira."

"Zomwetulirazo sindilonjeza. Ine ntchito yanga ndi matabwa."

"Tikatha kujambula tidzadya kamba wathu, kenaka tonse tidzatsika."

Mlamu anakanda mutu. "Tonse ndani?"

"Tonse! Ine patsogolo."

"Mudzatsikanso?"

"Nanga ndikhale komweko? Lolemba ndili ndi ntchito!"

"Lolemba... pambuyo pa maliro?"

Katswiri anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbwi. "Maliro a ndani?"

"Anu."

"Anga? Ndakuuzani liti kuti ndikufa?"

"Mwati mwabwera kudzaona malo. Mwati atsala masiku atatu. Mwati adokotala ananena. Pompano pamwalapa mwati mwafa."

"Kumeneko n'kulankhula chabe!"

"Ine ndimamva zimene munthu wanena."

Apa foni ya Katswiri inayamba kulira. Anayang'ana: mkazi wake. Inaduka, n'kuliranso: mchemwali wake. Inaduka, n'kuliranso: abusa.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Muli kuchitsamba kuja ndinatumiza uthenga. Nkhani ngati iyi munthu sasenza yekha."

"Munalemba kuti chiyani?"

Mlamu anatulutsa foni yake n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. "Alamu ali pano, zinthu sizili bwino. Akupumira m'mwamba, kuyenda akulephera. Loweruka sadzakhala nafe. Konzekani."

"Bodza lenileni!"

"Liti? Simukupumira m'mwamba?"

Manyazi anamugwira Katswiri kuyambira kumutu mpaka ku matuza a kuzidendene. Anakhala pansi n'kuulula zonse: za ku ofesi, za dzina la Katswiri, za mkazi wake amene anamufunsira ndi nkhani yomweyi ya thanthwe, za bwana amene wagula kale chipewa ndi botolo la madzi. Loweruka akalephera pamaso pa anthu onsewo, mu ofesi muja adzalowamo ndi nkhope iti?

Mlamu anamvetsera mpaka pamapeto, kukamwa kuli yasa.

"Ndiye simukufa?"

"Ayi!"

"Mwangobwera kudzakwera?"

"Eya!"

"Kukatenga chiyani pamwambapo?"

"Palibe. Kukaona basi."

"Kuona chiyani?"

"Pansi."

"Pansi pomwe mwachokerapo?"

"Alamu, musandiwonjezere mutu. Tiyeni timalize. Apa ndiye tadutsa theka, eti?"

"Theka la chiyani?"

"La thanthwe."

Mlamu anamuyang'ana mwachisoni kuposa muja ankamuyeza. "Thanthwe sitinaliyambe, alamu. Mwala mwagonapowu ndi pamene amayi amayanika zovala akachapa kumtsinje kuja. Thanthwe ndi ilo."

Analoza. Katswiri anakweza mutu, anakwezabe, mpaka chipewa chake chinagwera kumbuyo. Chinthu chija chinali chilili, chakuda bii, chosalala, kanjira kake kakukwawa m'mbali ngati ulusi. Pamwamba penipeni akabawi anali kuzungulira, ndipo kwa iye zinaoneka ngati amuona kale.

"Mpaka pamwamba ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Ine maola awiri."

"Nanga ine?"

"Kuti mukafike Loweruka, mukanayamba dzulo."

Foni inali kulirabe m'thumba. Katswiri anaganiza za minibasi, za bwana ndi chipewa chake, za atsikana a ku ofesi mafoni ali m'manja kudikira kujambula Katswiri akukwawa ndi mawondo pamalo oyanika zovala.

"Uthenga uja mwatumiza kwa ndani ndi ndani?"

"Kwa mlongo wanga, achemwali anu, abusa, ndi a kwaya. Pepani, alamu, ndalakwa. Ndiwauze pompano kuti muli bwino."

"Dikirani. Ku ofesi kwathu mwatumizako?"

"Ayi, nambala yawo ndilibe."

Katswiri anatulutsa foni yake, anafufuza nambala ya bwana, n'kumupatsira mlamu. Kenaka anagonanso chagada pamwala paja, anawongola miyendo yonse iwiri, n'kupinda manja pachifuwa.

"Nayo. Lembani monga munalembera muja, musasinthe liwu ngakhale limodzi."